Bolopeni Yofiira pa Ndakatulo ya Abiti Mubarak

A Nickson Namaona anali atalemba ndakatulo mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri, ndipo akazi awo, mayi Eluby, anali asanagwetsepo msozi ndi imodzi yomwe.

Chiwerengerochi ankachidziwa bwino chifukwa ndakatulo iliyonse ankaipatsa nambala pakona, n'kuitsekera m'makope khumi ndi limodzi okutidwa ndi khaki, amene ankakhala m'sutikesi pansi pa bedi. Masana anali mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale m'chigwa cha Domasi, komanso wachiwiri kwa ahedi kwa zaka khumi ndi zitatu, koma ntchito imeneyi ankangoigwira kuti dziko lisaime. Ntchito yawo yeniyeni inali ulakatuli. Potsegulira mjigo, potsekera sukulu, pa maliro a munthu amene anali ndi nyumba ya malata, woyendetsa mwambo akangoti, "Tsopano timve ndakatulo," panalibe wocheuka kufunafuna. Aliyense ankadziwa kuti jekete yabulauni ija iimirira, ikhosomola kawiri, n'kutulutsa magalasi m'thumba. Anthu ankaomba m'manja. Ena ankaomba ndakatulo ili pakati, poyesa kuti yatha, ndipo a Namaona ankati kumeneko ndiye kugwidwa mtima.

Panalinso udindo wina umene chigwa chinawapatsa popanda msonkhano. Chilichonse cholembedwa choti chikawerengedwe pagulu chinkayamba chadutsa m'manja mwawo: mbiri ya womwalira, kalata yothokoza alendo, mawu a wapampando. Munthu ankabwera ndi pepala lake atalipinda kanayi, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tatichongerani." Iwo ankachonga ndi bolopeni yofiira, monga amachitira ndi makope a ana, ndipo pepala likabwerera lili psuu mwini wake ankathokoza ndi manja awiri.

Mayi Eluby sankajomba pa mwambo uliwonse umene amuna awo ankalakatula. Ankakhala kutsogolo, ankaomba m'manja pa nthawi yake, ndipo pobwerera kunyumba ankanena mawu omwewo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi: "Munawerenga bwino, bambo a Takondwa. Mawu amamveka mpaka kumsewu." A Namaona ankafuna zoposa pamenepa. Osati zambiri ayi. Msozi umodzi wokha, ngakhale wa diso limodzi, ukanakwanira. Pamapeto pake anadzitonthoza kuti pali anthu ena amene Mulungu anangowalenga ouma m'maso, ndipo si mlandu wa mlakatuli.

Ndiye Lachiwiri lina m'mwezi wa Seputembala, mayi Eluby analowa pampanda maso atafiira, akupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Kwagwanji, mayi a Takondwa? Maliro enanso?"

"Ayi. Ndikuchokera kwa Abiti Mubarak."

Abiti Mubarak, dzina lawo lenileni a Asiyatu, ankakhala kutsidya kwa kamtsinje, nyumba yachitatu kuchokera pa mzikiti. Ankagulitsa mpunga pa Naisi, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Amuna awo, Che Abasi, anapita ku Joni kukafuna ntchito atalonjeza zaka ziwiri, n'kukhalako zisanu ndi zinayi. Mu Ogasiti kunabwera foni yoti amwalira, ndipo anzawo anawaika komweko tsiku lomwelo, monga mwa Chisilamu. Tsopano Abiti Mubarak anali pa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi namfedwa ali pakhomo, osapita kumsika, osapita kumisonkhano, osacheza ndi amuna akunja. Amayi oyandikana nawo, Asilamu ndi Akhristu omwe, ankapita masana kukakhala nawo, akusankha mpunga m'malichero kuti manja asakhale chabe.

"Akudwala?"

"Ali bwino. Koma mawu awo aja."

"Akunenani?"

"Ayi, inu. Ali ndi mawu ena ake amene amanena tikakhala phee. Amangoyamba, maso ali m'lichero. Ife tonse mpunga kuusiya. Lero mayi Enifa alira mpaka kutuluka panja." Anapukutanso mphuno. "Kaya ndinene kuti chiyani. Mwina ndi ndakatulo."

A Namaona anaika kapu ya tiyi pansi mosamala kwambiri, ngati yobwereka.

"Ndakatulo."

"Ndati mwina."

"Sukulu anasiyira pati mayi amenewa?"

"Sitandade 5, ngati sindikulakwa."

"Eya," anatero a Namaona, akumwetulira ngati munthu amene wakhululuka. Koma tiyi uja sanamumalize.

Sabata imeneyo anagwidwa ndi matenda amene poyamba sanawadziwe dzina. Ankamva kutentha pansi pa nthiti akaona mayi Eluby akumanga mpango kuti awoloke kamtsinje. Akachedwa kubwera, iwo maso pa wotchi. Kukanakhala kuti akupita kwa mwamuna wina, nkhani ikanaphweka: pali ankhoswe, pali akulu a mpingo, pali ndondomeko yake yodziwika. Koma munthu ungakadandaule kwa yani kuti mkazi wako akulira ndi ndakatulo ya eni?

Choipitsitsa n'chakuti mawuwo anayamba kulowa m'nyumba mwawo momwe. Mayi Eluby akusesa ankanena okha chapansipansi, "Mbali inayo ndinkasungira munthu," n'kuima kaye, tsache lili m'manja. A Namaona ankamva ali kuchipinda, ndipo mzerewo unkawakakamira ngati chisoso pa thalauza. Unalibe fanizo. Unalibe "kalanga ine." Unalibe liwu ngakhale limodzi loti mwana wa Sitandade 7 n'kukweza mkono kufunsa tanthauzo. Nanga unkaluma ndi chiyani?

Loweruka anasolola sutikesi. Anasankha nambala 287, "Misozi ya Mwana wa Masiye," imene inaliza mayi wina pa Domasi Mission chaka cha 2011, ngakhale kuti anthu ansanje ankati mayiyo anali atalumidwa ndi mavu. Anakhala pakhonde n'kuwerenga ndime zonse khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mayi Eluby akusenda nandolo. Pa mzere womaliza anatsitsa mawu, nadikira.

"Ndi yaitali bwino," anatero mayi Eluby. "Tandipatsirani beseni ilo."

A Namaona anaganiza mozama, n'kupeza pamene panagona vuto. Abiti Mubarak sanawapose luso. Anawaposa mwayi. Mayiyo anali ndi kusungulumwa kwaulere, kwa zaka zisanu ndi zinayi, pamene iwo anali ndi mkazi wamoyo, mwana wapantchito ku Blantyre, ndi BP yongokwera pang'ono. Mlakatuli angalembe chiyani ndi moyo wotere? Choncho Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anatenga kope latsopano, natsetserekera ku mtsinje wa Domasi kukasungulumwa.

Anapeza mwala wabwino pansi pa mkuyu. Anakhala, nayang'ana phiri la Zomba, nalemba pamwamba pa tsamba: "413. Ndili Ndekha." Asanalembe china, bambo wina wa kabaza amene ankatsuka njinga chapafupi anawaona.

"Aphunzitsi! Mwaswera bwanji? Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino."

"Nanga pamwalapo?"

"Ndikuganiza."

"Pepani," anatero wa kabaza uja, navula chipewa.

Kenako kunadutsa amayi awiri ochokera kudimba, amene anagwada kupereka moni n'kufunsa ngati mayi Eluby achoka. Kenako mkulu wa mpingo wina, atamva kwa amayi aja, anabwera wefuwefu, nakhala pamwala womwewo, nawagwira paphewa, nawauza kuti palibe vuto losatha ndipo madzi si yankho. Pofika 4 koloko a Namaona anali atalandira moni wa anthu khumi ndi anayi, nzimbe ziwiri ndi pemphero limodzi. Anabwerera kunyumba ndi mutu wa ndakatulo wokha. M'chigwa cha Domasi bambo wovala jekete sangasungulumwe. Anthu salola.

Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, linkayandikira. Chaka chilichonse amayi a m'midzi yozungulira, a Mvano, a Katolika ndi Achisilamu, ankachita mwambo wawo pabwalo la sukulu, ndipo chaka chilichonse a Namaona ankalakatula "Mayi, Mzati wa Fuko," akungosintha chaka pa ndime yachitatu. Ataona mayi Enifa, wapampando wa komiti, akulowa pampanda, anadziwa kuti abwera kudzapempha, ndipo anakonzeka kuvomera movutikira pang'ono.

"Aphunzitsi, chaka chino tasintha pang'ono," anatero mayi Enifa moni utatha. "Amayi akufuna mawu a Abiti Mubarak."

"Zili bwino," anatero a Namaona. "Ndi demokalase."

"Koma eni ake sangatuluke, ali pa eda mpaka Disembala. Ndiye atilembera papepala. Tinafunsana kuti atiwerengere ndani pa maiki? Tonse tinati aphunzitsi. Ife maiki imatinjenjemeretsa."

"Ndiye yanga ibwere pambuyo pake?"

Mayi Enifa anayang'ana mayi Eluby. Mayi Eluby anayang'ana nkhuku.

"Nthawi yachepa, aphunzitsi. Pali magule atatu ndi kwaya ziwiri."

Anasiya pepala patebulo n'kutsanzika. Sananene kuti "tatichongerani." A Namaona anaona ndithu kuti sananene, koma anati n'kuiwala chabe. M'nyumba imeneyi pepala linali lisanalowepo n'kutuluka loyera.

Linali tsamba la kalendala yakale, la mwezi wa Epulo, lolembedwa kuseri ndi pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanja. Mayi Eluby atapita kumjigo, a Namaona anavala magalasi.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinkagona mbali imodzi ya mphasa
mbali inayo ndinkasungira munthu
Foni ikalira ndinkathamanga ndi ufa m'manja
kupeza ndi akampani akuti gulani bandulo
Malaya ake ndinawachapa katatu osavalidwa
Tsopano akuti wagona ku Joni
dothi lake sindikulidziwa mtundu
Andipatsa miyezi inayi ndi masiku khumi kuti ndikhale ndekha
Ndaseka
Ntchito imeneyi ndinaiphunzira kalekale
Dzulo ndagona pakati pa mphasa
Denga ndinafolera ndekha lija silinadonthe
Tsiku lotuluka musandigwire mkono
ndikudziwa pamene pali chitseko

Anawerenga kawiri. Kachiwiriko anavula magalasi n'kuwapukuta, chifukwa mwezi wa Okutobala fumbi limachuluka. Mayi woyeza mpunga ndi mbale, wosadziwa ngakhale poika mpumiro, analemba izi kuseri kwa kalendala, mwina atakhala pansi, opanda tebulo, opanda nambala pakona. Ndipo zinatenga mizere khumi ndi inayi yokha.

Anatsegula bolopeni yofiira.

Anayamba ndi "bandulo." Liwu lotero silingalowe m'ndakatulo, ndakatulo si shopu ya mayunitsi. "Ndaseka" anakhwatcha kawiri: namfedwa saseka, makamaka pamaso pa mlendo wolemekezeka. Mphasa anaiona kuti ikunyozetsa chigwa, naikapo "kama wa minga." Denga analichotsa chifukwa mwambowo sunali wa zomangamanga. Zoti musandigwire mkono zinali zamwano kwa anthu ofuna kuthandiza. Atamaliza panatsala mawu asanu ndi awiri a Abiti Mubarak, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono. Anakopera zonse bwinobwino pa pepala loyera, ndime zisanu ndi zitatu, tsamba la kalendala lija nalilowetsa m'sutikesi, pansi pa kope loyamba.

Sanadzione ngati wakuba kapena woononga. Anadziona ngati dokotala. Komabe pansi pa mtima panali kachiyembekezo kamene sanakatchule ngakhale m'pemphero. Mayi Eluby adzamva dzina la Abiti Mubarak, misozi idzamasuka yokha monga inazolowera, ndipo idzagwera pa mawu a Nickson Namaona. Pobwerera kunyumba adzawauza. Kapena sadzawauza, adzangosunga okha mumtima. Anali asanasankhe chokoma kwambiri mwa ziwirizi.

"Mwaiwerenga?" anafunsa mayi Eluby akutula ndowa.

"Ndaikonzekera," anayankha a Namaona, ndipo sananame.

Tsikulo kunatentha mpaka mbuzi zinathawira kuseri kwa makalasi. Amayi anadzaza bwalo atavala chitenje chimodzi, cha maluwa achikasu, ena ndi mipango yoyera, ena ndi mahijabu. Mlendo wolemekezeka anapatsidwa sofa ya ku ofesi ya ahedi, imene inali ndi mwendo umodzi wa njerwa. Magule atatu anavinidwa, kwaya ziwiri zinaimba nyimbo zinayizinayi. Kenako woyendetsa mwambo anati, "Tsopano timve ndakatulo," ndipo jekete yabulauni inaimirira, nikhosomola kawiri.

"Ndakatulo iyi ndi ya mayi Asiyatu Abasi, amene timawadziwa kuti Abiti Mubarak. Sali nafe pano chifukwa cha mwambo."

Bwalo linati zii. Amayi ena anakhazika ana pansi. Mayi Enifa anagwiriratu nsonga ya chitenje pafupi ndi maso. Kutsogolo, mayi Eluby anaweramitsa mutu, manja ali pamaondo. A Namaona anaona zonsezi, ndipo mtima unawawa ndi kukoma nthawi imodzi. Chete wotere anali asanamulandirepo.

"Kalanga ine! Kalanga ine, mayi wosweka mtima!
Ndagona pa kama wa minga, nyanja ya misozi yandimiza!
Imfa iwe, chilombo chopanda chisoni,
wandilanda ngwazi yanga, mzati wa nyumba yanga!"

Chete uja anasintha mtundu. Mitu inayamba kudzuka umodziumodzi. Mayi Enifa anatsitsa nsonga ya chitenje ija n'kuiyang'ana ngati aitola pamsewu.

"Imeneyo ndi ya ndani?" Wofunsayo anali mayi Alima, mlamu wawo wa Abiti Mubarak, amene anakhala kumbuyo koma mawu awo safuna maiki.

A Namaona anakweza mawu n'kulowa ndime yachiwiri, imene inali ndi mkuntho, chipululu ndi njiwa yothyoka phiko.

"Aphunzitsi, mphasa ili kuti?"

"Mwina asokoneza mapepala," wina anatero. "Imeneyo ndi ya pamjigo ija."

Pa ndime yachitatu, pamene mayi wa Malawi ankauzidwa kuti adzuke n'kugwira khasu la chitukuko, a Namaona anasuzumira pamwamba pa magalasi kufuna malipiro awo. Mayi Eluby anali atadzutsa mutu. Maso anali ouma gwaa. Ankawayang'ana monga ankamuyang'anira Takondwa ali wamng'ono, akamupeza ndi shuga kukamwa iye akukana.

Kenako mayi Eluby anaimirira. Sanapite pa maiki. Anangoima pomwepo, nakonza chitenje m'chiuno, nanena ndi mawu a munthu amene sanalankhulepo pagulu:

"Zaka zisanu ndi zinayi ndinkagona mbali imodzi ya mphasa."

"Mbali inayo ndinkasungira munthu," analandira mayi Enifa, nawonso akuimirira.

Pa mzere wa foni mayi Alima analowamo, ndipo pa mzere wa malaya amayi oposa makumi awiri anali ataimirira, a mipango yoyera ndi a mahijabu, akunenera pamodzi mosathamanga, akupuma pamene Abiti Mubarak amapuma. Apa ndi pamene a Namaona analakwitsa masamu. Iwo ankadziwa kuti chinthu chimakhala papepala, ndipo pepala likakhala m'sutikesi, chinthucho chili m'sutikesi. Sanawerengere masabata asanu ndi limodzi a masana, malichero ali pamiyendo, amayi akumva mawu omwewo tsiku ndi tsiku mpaka kuwalowa ngati nyimbo ya pamaliro. Komiti sinkafuna munthu wodziwa ndakatuloyo. Inkangofuna munthu wosaopa maiki.

Atafika pa "Ndaseka," bwalo lonse linaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunatsegula misozi. Analira amayi amene amuna awo ali ku Joni. Analira amene amuna awo anabwera m'bokosi, ndi amene amuna awo anakhala cha kumpanda akukambirana za mpira. Mlendo wolemekezeka anafunafuna kansalu m'matumba onse, sofa ikugwedezeka pa njerwa yake.

A Namaona anangoima. Mpando wawo unali tsidya lina la bwalo, ndipo panalibe njira yofikira kumeneko popanda kudutsa pakati pa ndakatulo. Maiki inali yoyatsa, moti kupuma kwawo kunkamveka m'zimkuzamawu zonse ziwiri. Anayang'ana mayi Eluby. Misozi inkatsika m'maso onse awiri, yambiri, yosapukutidwa, yokwanira ndakatulo mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri, ndipo panalibe dontho ngakhale limodzi lawo.

"Ndikudziwa pamene pali chitseko," anamaliza amayi aja, nakhala pansi.

Woyendetsa mwambo, munthu wachifundo, anatenga maiki mwaulemu m'manja mwa a Namaona.

"Tithokoze aphunzitsi athu potiyambitsira."

Akanawatukwana zikanapepukako.

Pobwerera anadzera njira ya m'minda ya mpunga, mayi Eluby patsogolo, a Namaona pambuyo, jekete ili pamkono.

"Mwandichititsa manyazi, mayi a Takondwa."

"Ine?"

"Ndinangokonza galamala."

"Galamala yake ya kama wa minga? Munauona liti kama kwa Abiti Mubarak? Munthu wakupatsani mawu ake kuti mumunyamulire, poti iye sangatuluke, inu n'kukafika nawo atasanduka anu. Mawa mundipatse pepala la eni ndikabweze. Ndikudziwa kumene mwaliika."

A Namaona anavomera ndi mutu. Koma funso limene linawasowetsa mtendere kuyambira Seputembala linatuluka lokha, lopanda ulemu uliwonse wa wachiwiri kwa ahedi.

"Inuyo amuna anu sanapite ku Joni. Mumalira chiyani?"

Mayi Eluby anaima, natembenuka.

"Mukufuna ndikuyankheni panjira pano?"

"Yankhani."

"Abiti Mubarak ankadikira munthu woti ali ku Joni. Ine ndimadikira munthu woti ali pakhonde. Ndikabwera ndi nkhani mumati dikirani, mzere ungandithawe. Ndimadikira, mzere suthawa, nkhani yanga ndi imene imathawa. Amayi anga atamwalira, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, munandilembera ndime khumi ndi zinayi. Munawerenga kumanda, anthu anayamikira. Koma sabata yonse ija simunandifunse ngati ndadya."

Ndime zinali khumi ndi zisanu ndi imodzi. A Namaona anatsegula pakamwa kuti akonze, ndipo mwa chisomo chimene sichibwera kawirikawiri kwa aphunzitsi, anatsekanso.

Anayang'ana madzi a m'ngalande. Atalankhula, mawu anatuluka ang'ono, oti sakanafika ngakhale pa munda wachiwiri.

"Mutaimirira paja, nonse mukunena chinthu chimodzi, ine ndinasowa woti ndimuyang'ane. Anthu bwalo lonse. Ndinafuna kuthawira kunyumba. Koma kunyumbako ndi inu, ndipo inu munali mutaima uko ndi anzanu."

Mayi Eluby anawayang'ana.

"Mwati bwanji?"

"Palibe."

"Ayi, bwerezani."

A Namaona anakhosomola, nawongola msana. "Ndati, mutaimirira paja, ndinali ngati ngalawa yosweka pakati pa..."

"Ayi. Mmene munanenera poyamba."

Anabwereza mmene ananenera poyamba. Zinawavuta, chifukwa panali malo atatu abwino kwambiri oikapo fanizo, koma anawadutsa onse maso ali pansi. Mayi Eluby anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire. A Namaona anayang'anitsitsa ndithu, diso lililonse palokha, ndipo anadziuza kuti misozi inali itathera kubwalo. Koma atayambanso kuyenda, mayi Eluby sanatsogolenso. Njira inali yopapatiza, moti nsapato imodzi ya a Namaona inkaponda m'matope, koma anayenda choncho, phewa ndi phewa.

"Nanga pakati pa zimene ndanenazi ndi ya Abiti Mubarak," anafunsa a Namaona atayenda pang'ono, ngati nkhani yongodutsa, "yabwino ndi iti?"

"Ya Abiti Mubarak."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

Kutentha kuja kunalipobe, pamalo pake pomwe, ndipo a Namaona anaona kuti mwina adzakhala nako mpaka kupuma pantchito. Atatulukira pamsewu anamva fungo la chiwaya cha tchipisi pansi pa mtengo wa mango.

"Kodi mwadya lero, mayi a Takondwa?"

"Funso limeneli lachedwa ndi zaka zisanu ndi zitatu," anatero mayi Eluby. "Ayi, sindinadye."

Anakhala pa benchi la wachiwaya, mbale imodzi pakati, ndipo mayi Eluby anayamba kufotokoza za bondo lawo lakumanzere, limene linayamba kuwawa nthawi yokolola. Inali nkhani yaitali, yobwerera m'mbuyo kawirikawiri, ndipo ikanatheka kuidula pakati. A Namaona anaimva yonse.